Kusintha kwa matchaja a foni: lamulo la ku Ulaya lafika m'misika ya m'malire

Kuyambira pa 28 Disembala 2024, foni yatsopano iliyonse yogulitsidwa m'mayiko 27 a mgwirizano wa ku Ulaya wa EU iyenera kukhala ndi kabowo kotchajira ka mtundu umodzi, kotchedwa USB-C. Lamuloli siligwira ntchito ku Mozambique, ku Malawi kapena ku Zambia, koma zotsatira zake zikuoneka kale pa mabenchi a ogulitsa ku Ulónguè, ku Calómuè, ku Zóbuè ndi m'misika ina ya m'malire. Munthu amene wagula foni yatsopano ndi ndalama za mbatatesi kapena za soya akumazindikira atafika kunyumba kuti zingwe zonse zimene anali nazo sizikulowa.

Ku Ulaya kusinthaku kunakonzedwa kuti ogula asamaononge ndalama komanso kuti zinyalala zichepe. Kwa alimi a m'chigawo cha Tete ndi a tsidya lina la malire, phindu limenelo silibwera lokha. Kwa zaka zingapo zikubwerazi mabanja azikhala ndi mitundu iwiri ya zingwe m'nyumba imodzi, ndipo pa nthawi yotere m'pamene katundu wachinyengo amayenda malonda.

Kumene nkhaniyi yachokera

Amene anayamba kugwiritsa ntchito foni kalekale akukumbukira nthawi imene kampani iliyonse inali ndi tchaja yakeyake. Nokia yokha inali ndi kansonga kakakulu ndi kansonga kakang'ono, ndipo tchaja ya Motorola kapena ya Samsung sinkathandiza mnansi wokhala ndi foni ya mtundu wina. Mu 2009 mitundu ya matchaja pa msika wa ku Ulaya inali pafupifupi 30. M'chaka chomwecho makampani akuluakulu anagwirizana mwa kufuna kwawo kuti aichepetse, ndipo ambiri anatsatira kabowo ka micro-USB, kamene anthu ambiri m'midzi akugwiritsabe ntchito lero. Kampani ya Apple inapitiriza njira yake, ndipo mu 2012 inatulutsa chingwe chakechake chotchedwa Lightning.

USB-C inalengezedwa mu 2014. Kusiyana kwake ndi micro-USB kumaoneka ndi maso: kamutu kake n'kobulungira mbali zonse ziwiri ndipo kamalowa ngakhale munthu atakatembenuza, pamene ka micro-USB kali ndi kumwamba ndi kunsi, moti wokakakamiza mumdima amathyola tizitsulo ta m'kati mwa foni. Micro-USB ili ndi tizitsulo 5 todutsa magetsi ndi uthenga, pamene USB-C ili ndi 24. N'chifukwa chake kabowo katsopanoka kamatha kunyamula mphamvu yambiri. Poyamba malire ake anali mawati 100, ndipo kuyambira mu 2021 anafika pa mawati 240, okwanira kuyendetsa ngakhale laputopu yaikulu.

Mu Okutobala 2022 nyumba ya malamulo ya EU inavomereza lamulo la tchaja imodzi. Aphungu 602 anavomereza ndipo 13 anakana. Lamuloli likukhudza mafoni, matabuleti, makamera, zomvera m'makutu, masipika onyamula m'manja, makiyibodi ndi mausi za kompyuta. Pa malaputopu, tsiku limene anaika ndi 28 Epulo 2026. Akuluakulu a EU anawerengera kuti matchaja otayidwa ndi osagwiritsidwa ntchito amakwana matani pafupifupi 11,000 pa chaka, ndipo anati lamuloli lingapulumutse ndalama za ogula zofika mayuro 250 miliyoni pa chaka. Apple, imene inatsutsa ganizoli kwa nthawi yaitali, inaika USB-C pa iPhone 15 mu Seputembala 2023. Dziko la Saudi Arabia nalonso linayamba kutsatira lamulo lofanana ndi limeneli pa 1 Januwale 2025.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza mlimi

Kwa mlimi wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga, foni ndi chikwama cha ndalama. M'menemo ndi mmene mumakhala ndalama za pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, ndipo amene amagulitsa mbewu ku Dedza, ku Lizulu kapena ku Mwanza nthawi zambiri amakhalanso ndi nambala ya ku Malawi ya Airtel Money kapena Mpamba. Pa foni m'pamene amafunsira mtengo wa thumba asanakweze katundu pa ngolo, amaitanira galimoto, ndiponso amalandirira uthenga wa mwana wa ku sukulu ya kutali. Foni ikazima pa tsiku la msika, wogula wapita kwa wina. Ikapsa pa nthawi yokolola, ndalama zogulira ina zimachoka pa feteleza wa chaka chamawa.

Vuto lina ndi la magetsi. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chomwechino ndipo limatha kupanga mamegawati 2,075, koma gawo lalikulu la magetsiwo limagulitsidwa ku South Africa, ndipo midzi yambiri ya m'malire sinalumikizidwebe ku mawaya a EDM. Boma linalonjeza kuti pofika 2030 aliyense adzakhale ndi magetsi. Pakadali pano anthu ambiri amatchaja pa sola yaing'ono ya pakhomo, pa batire la galimoto, kapena amalipira pa baraka ya munthu wokhala ndi magetsi. Kumeneko foni imasiyidwa m'manja mwa wina ndipo imalumikizidwa ku tchaja imene mwini foniyo sanasankhe. Ubwino kapena kuipa kwa tchaja imodzi pamalo otero kumakhudza mafoni a mudzi wonse.

Mitundu iwiri m'nyumba imodzi

Makampani akuluakulu sakonda kupanga foni imodzi m'mitundu iwiri, choncho mafoni apakati ndi apamwamba amene akufika kuno ali kale ndi USB-C. Koma mafoni otsika mtengo kwambiri, makamaka a mabatani amene amapangidwira msika wa mu Africa, ambiri akutulukabe ndi micro-USB chifukwa kabowoka n'kotchipa kupanga. Chimodzimodzi matochi, tiwailesi ndi nyale za sola zimene mabanja anagula zaka zapitazi. Palibe lamulo la kuno lokakamiza opanga katunduyu kusintha, ndipo katundu wakale amene sangalowenso pa msika wa ku Ulaya amafuna msika wina. Si zodabwitsa kupeza bambo ali ndi foni ya USB-C, mayi ali ndi ya micro-USB, pamene nyale ya ana ili ndi kansonga kakekake.

Kusintha kwina kuli m'bokosi la foni. Mu 2020 Apple inasiya kuikamo mutu wa tchaja, ndipo chaka chotsatira Samsung inachitanso chimodzimodzi pa mafoni ake apamwamba. Lamulo la EU nalonso limapatsa wogula ufulu wogula foni yopanda tchaja. Maganizo ake ndi akuti munthu ali kale ndi matchaja angapo mu kabati. Ku Lisboa kapena ku Berlin zimenezi n'zoona, koma kwa munthu amene akugula foni yake yoyamba ya pa intaneti ku Furancungo, bokosi lopanda tchaja likutanthauza ndalama zina zimene sanakonzekere. Mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito, amene amabwera kuchokera ku South Africa ndi kwina, nawonso nthawi zambiri amafika opanda tchaja. Wogula, poona kuti m'thumba mwatsala zochepa, amatenga tchaja yotchipitsitsa pa benchi lapafupi.

Anthu a m'malire ali ndi vuto linanso limene a ku Maputo sakumana nalo kawirikawiri. Masoketi ambiri a ku Mozambique amalandira pulagi ya mano awiri obulungira, pamene a ku Malawi amalandira ya mano atatu aphwatalala, ngati ya ku Britain. Mphamvu ya magetsi m'mayiko awiriwa ndi yofanana ndithu, mavolti 220 mpaka 230, choncho tchaja yogulidwa ku Dedza ikhoza kugwira ntchito ku Ulónguè ngati pali adaputa yabwino. Choopsa ndi chizolowezi chotsegula soketi ya mano atatu ndi kamtengo kapena msomali n'kukakamizamo pulagi ya mano awiri. Pulagi yokhala mogwedera imathetheka moto, imatenthetsa soketi, ndipo m'nyumba yofolera ndi udzu ngozi yake ndi yodziwika. USB-C yagwirizanitsa mbali imene imalowa mu foni, koma mbali yolowa ku khoma idakali yosiyana monga kale.

Kabowo kofanana sikatanthauza mphamvu yofanana

Anthu ambiri amaganiza kuti chingwe chikangolowa ndiye kuti zonse zili bwino. Pa USB-C maganizo amenewa amasocheretsa. Liwiro la kutchaja limadalira zinthu zitatu: mutu wa tchaja, chingwe, ndi foni yeniyeniyo. Chofooka pa zitatuzi ndi chimene chimalamula.

Pa mutu wa tchaja iliyonse yabwino pamalembedwa manambala. Chilembo V chikuimira mavolti, A chikuimira maampeya, ndipo kuchulukitsa ziwirizi kumapereka mawati, amene chilembo chake ndi W. Tchaja yakale yolembedwa 5V ndi 1A imapereka mawati 5. Batire la 5,000 mAh, limene lili m'mafoni ambiri a masiku ano, limatenga maola opitirira anayi kuti lidzaze pa tchaja yotere, ndipo pa kabowo kakale ka kompyuta, kamene kamapereka mawati awiri ndi theka, nthawiyo imawirikiza kawiri. Tchaja ya mawati 18 kapena 25 imachepetsa nthawiyo kwambiri, pokhapokha ngati foniyo inapangidwa kuti izilandira mphamvu yotero.

Matchaja atsopano a USB-C amayamba akambirana ndi foni asanakweze mphamvu. Foni imanena zimene ingalandire, tchaja n'kupereka zomwezo. Njira yovomerezeka ya kukambiranaku imatchedwa USB Power Delivery, ndipo lamulo la EU likufuna kuti chipangizo chilichonse chotchaja ndi mawati opitirira 15 chizitsatira njira imeneyi. N'chifukwa chake tchaja yeniyeni ya laputopu ya mawati 65 siiotcha foni yaing'ono. Koma makampani ena ali ndi njira zawozawo zotchajira mwachangu, moti foni imene imadzaza msanga pa tchaja ya kampani yake ikhoza kuchedwa pa tchaja ya kampani ina ngakhale manambala ake ndi aakulu.

Zingwe nazonso zimasiyana. Chingwe wamba chokhala ndi USB-C mbali zonse ziwiri chimanyamula maampeya 3, kutanthauza mawati osapitirira 60. Chonyamula maampeya 5 chiyenera kukhala ndi kachipangizo kakang'ono m'kamutu kake kodziwitsa tchaja za mphamvu yake. Zingwe zina zimangodutsa magetsi, moti sizingasamutse zithunzi kapena zikalata kupita ku kompyuta. Pali matochi ndi tiwailesi totchipa tokhala ndi kabowo ka USB-C koma tosalumikizidwa mokwanira m'kati. Timeneti timakana kutchaja pa chingwe cha USB-C mbali zonse, koma timalola pa chingwe chimene mbali inayo ili ndi mutu waukulu wakale wa USB-A. Eni ake ambiri amataya tochi kapena tchaja poganiza kuti yafa, chonsecho vuto ndi chingwe chabe.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zingwe zachinyengo zimakhala zokongola kunja, koma waya wa m'kati ndi woonda kwambiri, moti mphamvu imathera m'njira n'kusanduka kutentha. Vutoli si la m'midzi yokha. Mu 2015 ndi 2016 katswiri wa kampani ya Google, Benson Leung, anayesa zingwe zambiri za USB-C zogulitsidwa pa Amazon ndipo anapeza kuti zambiri sizinapangidwe motsatira muyezo. Chimodzi chinaononga laputopu yake, ndipo mu Malichi 2016 Amazon inaletsa kugulitsa zingwe zosatsata muyezo. Ngati katundu wotere ankadutsa pa msika waukulu ngati umenewo, pa benchi la ku msika wa m'malire amadutsa mosavuta.

Choopsa kwambiri ndi mutu wa tchaja wachinyengo. Ntchito yake ndi kutsitsa mavolti 220 kufika pa 5, ndiponso kulekanitsa magetsi a ku khoma ndi chitsulo chimene munthu wagwira. Opanga mwachinyengo amachepetsa zotetezera zimenezi. Zizindikiro zake ndi kupepuka kwambiri, kutentha moti sungagwire, kulira kapena kununkha ngati pulasitiki yopsa, ndiponso galasi la foni kumadzidina lokha pamene foni ili pa tchaja.

Kwa otchaja pa sola, malire ndi dzuwa ndi kukula kwa sola. Sola ya mawati 10 singapereke mawati 25, kaya tchaja inalembedwa zotani. Amene amagwiritsa ntchito batire la mavolti 12 ayenera kudutsira pa tchaja ya m'galimoto yotsitsa mphamvu. Kulumikiza foni ku batire lotere ndi mawaya oduladula kukhoza kuotcha foni.

Makompyuta ndi wailesi ya pa foni

Kusinthaku kukufikanso m'masukulu, m'maofesi a mabungwe a alimi ndi m'malo ojambulitsira zikalata. Malaputopu atsopano ena ali ndi timabowo ta USB-C tokhatokha, pamene mafulashi, makiyibodi, mausi ndi mapulinta amene ali kale m'maofesiwa amafuna kabowo kakakulu ka USB-A. Makina akale oonetsera zithunzi pa khoma amafuna chingwe cha VGA, chimene malaputopu ambiri anachisiya kalekale. Katundu wakaleyu safunika kutayidwa, chifukwa pali maadaputa olumikiza zakale ndi zatsopano. Koma bungwe limene likugula kapena kulandira laputopu ya mphatso liyenera kuwerengera mtengo wa adaputa, ndiponso kudziwa kuti si kabowo kalikonse ka USB-C kamene kamatulutsa chithunzi kapena kulandira tchaja. Ubwino wake ndi wakuti laputopu yotchajira pa USB-C siidaliranso tchaja ya kampani imodzi, imene ikatayika inkasowa m'boma lonse.

Palinso kabowo kena kamene kakutha pang'onopang'ono, ka zomvera m'makutu. Apple inakachotsa mu 2016 ndipo makampani ena anatsatira pa mafoni awo apamwamba. Mafoni ambiri amagwiritsa ntchito waya wa zomvera m'makutu ngati mlongoti wa wailesi ya FM, ndipo ambiri mwa mafoni opanda kabowoka alibenso FM. Mlimi amene amamvera zanyengo ndi mitengo ya mbewu ali kumunda ayenera kufunsa za zimenezi asanagule, chifukwa kumvera wailesi kudzera pa intaneti kumadya ndalama tsiku ndi tsiku, pamene FM ndi yaulere.

Zakale zipita kuti

Lipoti la mabungwe a United Nations la mu 2024 linanena kuti m'chaka cha 2022 dziko lapansi linatulutsa zinyalala za zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo zinali 22.3 peresenti yokha. Mu Africa gawolo silinafike ngakhale 1 peresenti. M'midzi zingwe zakufa zimathera kudzala, m'chimbudzi kapena pamoto. Ena amaziotcha kuti achotse waya wa kopa, koma utsi wa pulasitiki yake ndi woipa m'chifuwa, makamaka kwa ana. Batire la foni limene lafufuma siliyenera kubooledwa kapena kuponyedwa pamoto, chifukwa limaphulika. Ngati mayiko olemera akuchepetsa zinyalala zawo pamene katundu wosakhalitsa akuchuluka kuno, ndiye kuti mulu wa zinyalalawo wangosamukira m'midzi ya kuno.

Zimene zingachitike kuno

Ena anganene kuti Mozambique ingotengera lamulo la ku Ulaya. Ganizoli lili ndi ubwino wake: dziko limene lilibe muyezo limasanduka kotayira zotsala za ena. Koma kuletsa micro-USB mwadzidzidzi kungakweze mtengo wa mafoni a mabatani, amene ndi okhawo amene mabanja osauka angakwanitse, ndipo kungavutitse eni nyale ndi mawailesi amene akugwirabe ntchito bwinobwino. Msika ukusintha kale wokha. Chofunika msanga ndi kuonetsetsa kuti tchaja yogulitsidwa, kaya ndi ya mtundu wakale kapena watsopano, ndi yosaopsa ndipo manambala olembedwapo ndi oona.

Mabungwe a ntchitoyi alipo. INCM imayang'anira za mauthenga ndi kuvomereza zipangizo zake, INNOQ imakhazikitsa miyezo ya katundu, ndipo a Alfândega ndi amene amaona katundu pa zipata. Ku Malawi kuli MACRA ndi bungwe la miyezo la MBS. Popeza katundu wa ku Calómuè ndi ku Dedza, kapena wa ku Zóbuè ndi ku Mwanza, amadutsa malire tsiku lililonse m'zikwama ndi pa njinga, kuyendera mbali imodzi yokha sikungathandize kwenikweni. Kulanda katundu kwa mnyamata wa pa benchi nakonso sikuthetsa vuto ngati woitanitsa katunduyo wambirimbiri sakufunsidwa kanthu.

Eni malo otchajira ali ndi udindo waukulu, ndiponso mwayi. Amene ali ndi zingwe za mitundu yonse iwiri, mitu ya tchaja yodalirika ndi masoketi osagwedera amasunga makasitomala, pamene foni imodzi yopsa imabweretsa mlandu kwa amfumu ndi kuthawitsa anthu.

Kwa wogula, mwambi wakale uja ukugwirabe ntchito: safunsa anadya phula. Asanapereke ndalama, ayenera kuona kabowo ka foniyo, kutsegulitsa bokosi kuti aone ngati muli mutu wa tchaja ndi chingwe, kuyang'ana mano a pulagi ngati akugwirizana ndi soketi ya kwawo, ndi kuyesetsa tchajayo pamaso pa wogulitsa kwa mphindi zingapo. Mitu yakale yabwino yokhala ndi kabowo ka USB-A siyenera kutayidwa, chifukwa ikhoza kutchaja foni yatsopano pongogula chingwe choyenera, ngakhale kuti idzatchaja pang'onopang'ono. Timaadaputa ting'onoting'ono tosintha micro-USB kukhala USB-C tingathandize pa ulendo, koma tikamagwedera timakulitsa kabowo ka foni, ndipo kukonzetsa kabowo kumadula kuposa chingwe.

Tsiku lidzafika pamene chingwe chimodzi chizidzatchaja foni, nyale, wailesi ndi laputopu, ndipo mlendo wochokera ku Ntcheu kapena ku Katete azidzabwereka tchaja pakhomo lililonse popanda kufunsa mtundu wa foni. Kuti tsikulo lifike mabanja asanaononge ndalama zambiri za zokolola, pakufunika kuti oyendera malonda afike m'misika ya m'maboma, ndiponso kuti ogula azolowere kuwerenga manambala a pa tchaja monga amawerengera a pa thumba la feteleza.